Madontho Makumi Anayi

Anandisankha pamsonkhano ine ndili kubusa.
Pobwera ndinapeza kiyi patebulo,
kope lachikuto chobiriwira,
ndi dzina langa, Eleuterio Ccahuana,
litalembedwa molakwika
pansi pa mawu akuti woyang'anira madzi.

Thanki yathu ili pamwamba pa mudzi,
pomwe mpweya wa m'mapiri a Andes umaperewera
ndipo mtima umagogoda ngati mlendo wofika usiku.
Pathankipo pakhala mgolo wabuluu,
kunsi kwa mgolo kapaipi kowonda ngati thumbo la nkhuku.
Madontho makumi anayi pa mphindi,
anatero injiniya wochokera ku Cusco,
osachepera, osapitirira.
Anakwera galimoto yake. Chino n'chaka chachitatu.

Ndimawerenga ndi wotchi ya malemu bambo,
zala zitauma gwa ndi chisanu.

Koma paipi sidziwa kugawa.
Nyumba yoyamba, ya Nemesia Quispitupa,
imalandira klorini akadali ndi mano.
Tiyi wake, akuti, akununkha chipatala.
Tchizi chake chikukana kugwirana.
Nyumba yomaliza ili kutsidya kwa chigwa,
paipi itadutsa makola awiri
ndi pamene tinamanga ndi mphira wa njinga.
Kumeneko ndikaponya piritsi m'kabotolo
madzi amayenera kufiirira
ngati tsaya la mwana wa kuno.
Amangondiyang'ana, mbee,
opanda manyazi.
Ndikawonjezera, kumtunda salonjera.
Ndikachepetsa, kumunsi sagona.

Mu February mvula inagwa masiku asanu ndi anayi.
Kasupe anasanduka phala.
Ndowe za alipaka zinatsetsereka ndi matope
n'kulowa pamng'alu umene tinkati tidzamata chilimwe.
Rosmeri wa kunyumba yomaliza, wa zaka zitatu,
anatsegula m'mimba mpaka kulira kopanda misozi.
Mayi ake anam'bereka maola awiri kutsika phiri.
Namwino sanafunse zambiri.
Anati, kope la madzi lili ndi ndani?

Ndinakwera kuthanki mbandakucha.
Zii.
Ndinagwedeza kapaipi, kanayamba.
Mawa lake, zii. Mkuja, zii.

Pamsonkhano ndinaimirira, ine wosadziwa kuyankhula,
ndinaloza Nemesia ndi chala pamaso pa ana ake.
Ndinati pali amene amakonda tchizi kuposa mwana wa mnzake.
Iye anangokonza chipewa.
Ndinagula loko ndi ndalama ya ubweya wanga,
ndinagona ndi kiyi pachifuwa.

M'mawa loko ali chitsekere,
palibe phazi la munthu pamatope,
ndipo dontho palibe.

Ndinadula kapaipi ndi mpeni.
M'kati munali kanthu koyera,
kochepa kuposa njere ya kinuwa:
nsenga za ufa wa klorini womwewo,
umene ndinkasungunula mothamanga, osasefa.
Wotseka madzi ndinali naye m'chikwama mwanga.

Njira ya kwa Nemesia ndi yaifupi.
Inanditengera masiku awiri.
Ndinaima pakhomo chipewa chili m'manja.
Analowa m'nyumba, ndinati basi,
koma anatuluka ndi nsalu yofinyira tchizi,
yakale, yochapa bwino.
Uzisefera apa, anatero.
Ndikutembenuka anawonjeza:
kutsekako ndinakuganizirapo, usadzinamize,
koma mawondo angawa ndi phirilo.

Rosmeri anabwera, akuthamangitsanso nkhuku,
siketi ikum'khwepa pang'ono.
Mng'alu uja tinamata theka, simenti inatha.
Mapiritsi oyezera atsala asanu ndi limodzi,
ndipo tsiku lolembedwa papaketi linadutsa mu August.
Tsopano kabotolo kakayera sindidziwa wonama:
madzi kapena piritsi.
Ndimalemba m'kope chimene ndaona.
Chimene sindikudziwa chilibe mzere wake.

Ndakhala pasimenti yozizira, wotchi pabondo.
Kumunsi utsi wayamba kutuluka m'madenga,
wina akutsegula mpopi osayang'ana kuno.
Makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri.
Makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu.
Muvi wa wotchi wafika kale.
Ndiyambirenso.